Mmene mungakhazikikire mumzinda wa Fukuoka ku Japan m'miyezi yanu yoyambirira

Malangizowa alembedwera munthu amene akupita kukakhala ku Fukuoka kwa miyezi yoposa itatu, kaya pa sukulu, pa ntchito kapena potsatira banja lake. Fukuoka ndi mzinda waukulu kuposa yonse pachilumba cha Kyushu, uli ndi anthu pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo alendo ambiri amapitako chifukwa cha Kyushu University ndi sukulu zina. Malamulo okhudza ziphaso, inshuwalansi ndi misonkho ndi ofanana m'dziko lonse la Japan, koma katayidwe ka zinyalala ndi kakweredwe ka basi zimasiyana malinga ndi mzinda. Chimene muyenera kugwiritsa kuyambira pachiyambi n'chakuti pepala lililonse ku Japan limadalira linzake. Banki imafuna adiresi ndi nambala ya foni, kampani ya foni imafuna adiresi yolembedwa pa khadi lanu la chilolezo chokhalira m'dziko, ndipo adiresiyo imalembedwa ku ofesi ya boma ya dera limene mukukhala. Wodumpha ndondomekoyi amabwezedwa mwaulemu kwambiri, koma amabwezedwa ndithu.

Choyamba: konzekani musananyamuke

Tengani ndalama zokwanira mwezi umodzi ndi theka, chifukwa malipiro kapena ndalama za sukulu sizilowa mpaka mutatsegula akaunti. Kwacha simudzaisintha ku Japan, choncho nyamulani madola. Musalongedze nyama yamtundu uliwonse, ngakhale yofutsa kapena soseji yotsekedwa bwino, popeza kulowetsa nyama popanda chilolezo ndi mlandu umene chindapusa chake chimafika 3 miliyoni yen. Zipatso zaziwisi, mbewu ndi zomera zimafuna chikalata cha boma la kumene zachokera, ndipo zina n'zoletsedwa kotheratu. Chakudya chilichonse chimene mwanyamula muchionetse kwa oyendera katundu pabwalo la ndege m'malo mochibisa. Mankhwala olemberedwa ndi dokotala amaloledwa a mwezi umodzi. Ngati mukufuna ochuluka, pemphani chikalata chotchedwa Yunyu Kakunin-sho ulendo usanafike.

Magetsi a ku Japan ndi a mavoti 100 ndipo pulagi yake ndi ya mano awiri aphwatalala. Tchaja cha foni ndi cha laputopu chimagwira ntchito mukachiika adaputa, koma ayironi ndi ketulo za mavoti 230 zisiyeni kunyumba.

Chachiwiri: landirani khadi lanu pabwalo la ndege

Mukafika pa bwalo la Fukuoka, Narita, Haneda kapena Kansai, ofesala woona za olowa m'dziko adzakupatsani khadi la chilolezo chokhalira m'dziko, lotchedwa zairyu card. Musanachoke pamalopo, werengani dzina lanu, tsiku lobadwa ndi tsiku limene chilolezo chanu chidzathe, chifukwa maofesi onse adzakopera zimene zalembedwa pamenepo. Lamulo limafuna kuti khadili liziyenda nanu nthawi zonse, ngakhale popita kukagula buledi pafupi ndi nyumba. Wapolisi ali ndi mphamvu yolipempha pamsewu, ndipo wopezeka alibe akhoza kulipitsidwa mpaka 200,000 yen.

Ngati ndinu wophunzira ndipo mukufuna kudzagwira maganyu, pemphani chilolezo chake pomwepo, pakuti pabwalo la ndege amadinda nthawi yomweyo pamene ku ofesi ya mumzinda muyenera kudikira. Chilolezocho chimalola maola 28 pa sabata, powerengera ntchito zonse pamodzi, ndi maola 8 patsiku pa tchuthi chachitali cha sukulu. Malo a juga ndi malo achisangalalo a usiku ndi oletsedwa kwa ophunzira. Kupyola maolawa kumachititsa kuti chilolezo chokhalira m'dziko chikanidwe pochiwonjezera.

Bwalo la ndege la Fukuoka lili pafupi kwambiri ndi pakati pa mzinda. Basi yaulere imakutengani kuchokera kofikira ndege zakunja kupita kumbali ya ndege za m'dziko, ndipo kuchokera kumeneko sitima yapansi imafika pa siteshoni yaikulu ya Hakata m'mphindi pafupifupi 5.

Chachitatu: pezani nyumba

Ngati sukulu kapena kampani yakupatsani chipinda, chilandireni ngakhale chitakhala chaching'ono, chifukwa chimakupatsani adiresi tsiku loyamba. Kufuna nyumba panokha kumatenga nthawi ndi ndalama zambiri. Kuwonjezera pa lendi ya mwezi woyamba, pamakhala shikikin, imene ndi ndalama ya chikole, reikin, imene imaperekedwa kwa mwininyumba ndipo sibwezedwa, malipiro a kampani yokupezerani nyumba, inshuwalansi ya moto ndi ndalama yosinthira loko. Pafunikanso munthu wokuimirani ngati mutalephera lendi, ndipo popeza mlendo sakhala naye, amalipira kampani yochita ntchito imeneyi. Zonsezi pamodzi zimakwana lendi ya miyezi inayi kapena isanu. Ku Kyushu nyumba zina zili ndi pangano lakuti gawo la chikole silibwezedwa ngakhale mutaisamalira bwanji nyumbayo, choncho funsani musanasaine.

Eninyumba ena amakana alendo, ndipo kampani yofufuza nyumba imakuuzani zimenezi poyera itawaimbira foni inu muli pomwepo. N'zopweteka, koma musatayepo nthawi. Funsani nyumba zimene zimalandira alendo, kapena pitani ku bungwe la boma la UR, limene nyumba zake sizifuna reikin, wokuimirani kapena malipiro a kampani, ngakhale limafuna umboni wa ndalama zimene mumapeza kapena lendi yolipiriratu.

Nyumba zambiri zimaperekedwa zopanda kanthu: mulibe firiji, makina ochapira, makatani, ndipo zina zilibe ngakhale nyale za kudenga. Tsiku lolowa, jambulani khoma, pansi ndi paliponse pamene pali chilema, kuti pochoka asadzakulipitseni zimene munazipeza. Magetsi ndi madzi mumalembetsa pa foni kapena pa intaneti, koma gasi amatsegula wantchito wa kampani inu mulipo, ndiye panganani naye tsiku pasadakhale, apo ayi mudzasamba madzi ozizira. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Dziwaninso kuti m'nyumbamo muyenera kukhala anthu okhawo amene alembedwa m'pangano. Mwambo wathu wosunga mbale kapena mnzathu kwa miyezi ingapo akufuna pokhala ndi kuphwanya pangano kumeneko, ndipo ukhoza kukutulutsitsani.

Lembani dzina lanu pa bokosi la makalata tsiku lomwelo. Makalata a boma ndi a banki amabwezedwa kumene achokera ngati wapositi sakutsimikiza kuti mumakhala pamenepo.

Chachinayi: lembetsani ku ofesi ya dera lanu

Ili ndiye gawo limene zina zonse zikudalira, ndipo liyenera kuchitika pasanathe masiku 14 mutapeza pokhala. Mzinda wa Fukuoka uli ndi madera 7: Higashi, Hakata, Chuo, Minami, Jonan, Sawara ndi Nishi, ndipo lililonse lili ndi ofesi yake yotchedwa kuyakusho. Pitani ku ofesi ya dera limene nyumba yanu ili, mutatenga pasipoti, zairyu card ndi pepala lolembapo adiresi yonse pamodzi ndi dzina la nyumba ndi nambala ya chipinda. Maofesiwa amatsegula Lolemba mpaka Lachisanu ndipo amatseka cha m'ma 5 koloko madzulo. Kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo kumadzaza kwambiri, chifukwa chaka cha sukulu ndi cha ntchito chimayamba mu Epulo, choncho lawirirani. Wokhala masiku 90 osalembetsa adiresi akhoza kulandidwa chilolezo chokhalira m'dziko.

Adiresi ikalembedwa kuseri kwa khadi lanu, musathamangire kutuluka, chifukwa pali zina zofunika kumalizira m'nyumba yomweyo. Gulani chikalata chotsimikiza kumene mumakhala, chotchedwa juminhyo, chimene mtengo wake ndi pafupifupi 300 yen. Banki ndi abwana anu adzachifuna. Kenaka pitani pa tebulo la inshuwalansi ya zaumoyo. Aliyense wokhala m'dzikoli miyezi yoposa itatu ayenera kukhala pa inshuwalansi ya boma, imene imachititsa kuti kuchipatala muzilipira 30 peresenti yokha ya mtengo. Ogwira ntchito yokhazikika amalembetsedwa ndi kampani yawo ndipo ndalama imadulidwa ku malipiro, koma ophunzira ndi ena onse amalowa Kokumin Kenko Hoken paokha. Ndalama yake imawerengedwa potengera zimene munapeza ku Japan chaka chatha. Popeza mwangofika kumene, lembani fomu yonena kuti simunapeze kanthu, ndipo mtengowo udzatsika kwambiri; mukapanda kulemba, adzakulipitsani mtengo wosachotsera.

Penshoni ya boma nayonso ndi yokakamiza kwa aliyense wa zaka 20 mpaka 59, mlendo kapena mbadwa, ndipo mu 2024 inali pafupifupi 17,000 yen pamwezi. Wophunzira kapena wopeza zochepa akhoza kupempha kuti aimitsidwe kulipira, koma pempholi liyenera kulembedwa, osati kungonyalanyaza makalata. Amene walipira miyezi 6 kapena kuposerapo akhoza kupempha gawo la ndalamazo pasanathe zaka 2 atachoka m'dziko.

Patapita milungu ingapo mudzalandira kalata yokhala ndi My Number, nambala ya manambala 12 imene boma limagwiritsa ntchito pa misonkho ndi inshuwalansi. Pemphani khadi lake lapulasitiki, chifukwa kuyambira pa 2 Disembala 2024 boma linasiya kupereka makhadi atsopano a inshuwalansi, ndipo kuchipatala anthu amaonetsa khadi la My Number kapena chikalata cholowa m'malo mwake. Nambalayi musaipereke kwa munthu wamba.

Chachisanu: foni, kenaka banki

Yambani ndi foni. Makampani akuluakulu ndi Docomo, au, SoftBank ndi Rakuten Mobile, ndipo palinso ang'onoang'ono otsika mtengo. Ambiri amafuna khadi la banki, choncho funsani amene amalandira khadi lakunja kapena kulipira pa sitolo. Ikani LINE, pulogalamu yotumizirana mauthenga, m'foni mwanu, pakuti anzanu a ku Japan, aphunzitsi ndi akuntchito sagwiritsa ntchito WhatsApp kwenikweni.

Mabanki ambiri safuna kutsegulira munthu amene sanakwanitse miyezi 6 m'dziko ngati sali pa ntchito, n'chifukwa chake alendo ambiri amayambira ku Japan Post Bank. Adzakufunsani kalembedwe ka dzina lanu m'zilembo za katakana, zimene Ajapani amalembera mayina akunja. Sankhani kalembedwe kamodzi, kalembeni papepala, ndipo muzikagwiritsa ntchito paliponse, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kumabweza malipiro. Kubwereketsa kapena kugulitsa akaunti yanu ndi mlandu, ngakhale kwa mnzanu wa dziko limodzi. Mabilu a magetsi, gasi ndi inshuwalansi mukhoza kulipira pa sitolo za 7-Eleven, Lawson kapena FamilyMart, zimene zambiri sizitseka usiku.

Chachisanu ndi chimodzi: zinyalala ndi anansi

Anansi anu sadzakufunsani za kwanu, koma adzaona mmene mumatayira zinyalala. Fukuoka ndi wosiyana ndi mizinda yambiri chifukwa amatola zinyalala usiku, pamene ku Tokyo ndi ku Osaka amatola kukacha. Mumatulutsa thumba dzuwa likalowa mpaka 12 koloko usiku, pa tsiku la dera lanu lokha. Matumba ake ndi apadera a mzinda, ogulidwa m'masitolo: la zilembo zofiira ndi la zinyalala zotheka kuwotchedwa, zimene zimatoledwa kawiri pa sabata, la zilembo zabuluu ndi la zosatheka kuwotchedwa monga zitini ndi mbale zosweka, la zilembo zachikasu ndi la mabotolo agalasi ndi apulasitiki a zakumwa. Mitundu iwiri yomalizayi imatoledwa kamodzi pamwezi, ndiye mukaphonya tsiku mudzakhala nazo m'nyumba mwezi wina. Mabotolo atsukeni ndi kuchotsa zotsekera. Thumba losakanizidwa limasiyidwa pomwepo litamatidwa chizindikiro, ndipo m'nyumba imene mlendo ndinu nokha, aliyense amaganizira inu, kaya ndi lanu kapena ayi.

Katundu wamkulu monga mpando kapena matiresi amafuna kuti muimbe foni kapena mulembetse pa intaneti, mugule sitika pa sitolo, ndi kumutulutsa pa tsiku limene mwapatsidwa. Firiji, wailesi yakanema, makina ochapira ndi makina oziziritsa m'nyumba satoledwa mwa njira imeneyi. Lamulo limafuna kuti zibwezedwe kudzera m'masitolo ogulitsa zipangizozi, ndipo pamakhala malipiro. Mafuta ophikira musathire m'sinki.

Nkhani ina ndi phokoso, makamaka m'nyumba zamatabwa zimene makoma ake ndi opyapyala. Japan ili patsogolo pa Malawi ndi maola 7, choncho achibale akaweruka n'kuimba foni 6 koloko madzulo, ku Fukuoka imakhala 1 koloko usiku. Panganani nawo kuti muzilankhula m'mawa wa kwawo kapena masana Loweruka ndi Lamlungu. Kuchapa ndi makina, nyimbo ndi kuseka mokweza zisiyeni ikakwana 10 koloko usiku. Mnansi wodandaula kawirikawiri sagogoda pakhomo panu. Amauza kampani yoyang'anira nyumba, ndipo inu mumangolandira kalata. Nsapato zimavulidwa pakhomo, m'nyumba mwanu momwe, m'nyumba za ena ndi m'makiliniki ena.

Chachisanu ndi chiwiri: mayendedwe

Gulani khadi limodzi lolipirira, Hayakaken, nimoca kapena SUGOCA, chifukwa lililonse limagwira ntchito pa sitima yapansi, pa sitima za kampani ya JR ndi pa basi za kampani ya Nishitetsu. Basi mumakwerera khomo lapakati n'kugunda khadi, mumadina batani malo otsikira akayandikira, ndipo mumatsikira kutsogolo mutagundanso khadi. Ngati mumayenda njira imodzi tsiku lililonse, tikiti ya mwezi imatsika mtengo, makamaka kwa ophunzira. M'sitima anthu salankhula pa foni. Sitima zimasiya kuyenda cha pakati pa usiku, ndipo takisi ndi yodula.

Njinga yakapalasa ndiyo imathandiza kwambiri mumzindawu, koma ili ndi malamulo ake. Iyenera kulembetsedwa kupolisi m'dzina lanu, zimene sitolo imachita pogula, ndipo mukagula kwa mnzanu mufunika chikalata chosinthira umwini. Njinga yooneka ngati yotayidwa musaitole, chifukwa apolisi amaimitsa okwera n'kuyang'ana nambala yake. M'chigawo cha Fukuoka inshuwalansi ya njinga ndi yokakamiza kuyambira mu 2020. Yendani kumanzere ngati kwathu, yatsani nyale usiku, ndipo musanyamule munthu wamkulu pa keliyala. Kuyambira mu Novembala 2024, kupalasa mutamwa mowa kukhoza kukupititsani kundende zaka 3 kapena kulipitsidwa mpaka 500,000 yen. Njinga yoimikidwa pamalo oletsedwa, monga m'misewu ya Tenjin pakati pa mzinda, imanyamulidwa ndi a mzinda ndipo mumakaiwombola ndi ndalama.

Chachisanu ndi chitatu: chakudya

Kuphika nokha kumapulumutsa ndalama zambiri. Masupamaketi amatsitsa mtengo wa nsomba, nyama ndi chakudya chophikaphika madzulo akatsala pang'ono kutseka, nthawi zina ndi theka. Therere, mbatata, maungu ndi kabichi zimapezeka, masamba a komatsuna ndi takana amaphikika bwino ndi tomato ndi anyezi, ndipo tinsomba touma ta iriko timalowa m'malo mwa usipa mutachepetsa mchere. Ufa wa chimanga sumapezeka m'masitolo wamba. Ufufuzeni m'masitolo a zakudya zakunja kapena pa intaneti. Amene sadya nkhumba asamale, chifukwa ramen yotchuka ya ku Hakata msuzi wake ndi wa mafupa a nkhumba, ndipo nkhumba imabisala m'zakudya zambiri za m'mapaketi. Ku Hakozaki kuli mzikiti wa Fukuoka Masjid, kumene Asilamu angakulozereni kogula nyama ya halali. M'malesitilanti simuwonjezera ndalama yothokozera woperekera chakudya.

Chachisanu ndi chinayi: matenda ndi ngozi

Mukadwala yambirani ku kiliniki yaing'ono ya m'dera lanu. Chipatala chachikulu chimalipitsa ndalama yowonjezera ya 7,000 yen kapena kuposerapo kwa wobwera wopanda kalata ya dokotala wina. Mankhwala mumakagula ku famase ndi pepala la dokotala, limene limagwira ntchito masiku 4 okha kuphatikizapo tsiku lolembedwa. Mukatentha thupi mutangochokera kwathu, uzani dokotala momveka bwino kuti mwachokera kudziko la malungo ndipo mupemphe kuyezedwa magazi, chifukwa madokotala ambiri kumeneko sakumana ndi matendawa ndipo akhoza kuganiza kuti ndi chimfine. Nambala ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 119, ya apolisi ndi 110.

Fukuoka sigwedezeka kawirikawiri ngati Tokyo, komabe pa 20 Malichi 2005 chivomerezi cha mphamvu ya 7.0 chinawononga nyumba mumzindawu, ndipo mng'alu wa m'nthaka wotchedwa Kego, umene ungayambitse chivomerezi, umadutsa pansi pa pakati pa mzinda. Foni yanu ikalira mokweza kuchenjeza, lowani pansi pa tebulo, tetezani mutu, ndipo musathamangire panja kugwedezeka kusanathe. Tengani mapu a malo angozi ku ofesi ya dera, pitani mukaone ndi maso sukulu kapena holo yothawirako, ndipo sungani madzi a masiku atatu, malita 3 pa munthu patsiku, pamodzi ndi tochi ndi chakudya chosachedwa kuwonongeka. Choopsa china ndi mvula yamphamvu ya mu Juni ndi Julayi, imene mu 2017 inapha anthu ku Asakura, mzinda wina wa m'chigawo cha Fukuoka, ndi mphepo zamkuntho zimene zimabwera makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala. Nyengo ya mvulayi imabweretsanso nkhungu m'zovala ndi m'makoma, choncho muzitsegula mawindo ndi makabati.

Chakhumi: chinenero ndi anthu

Phunzirani hiragana ndi katakana, mitundu iwiri ya zilembo za Chijapani, m'mwezi woyamba. Chilichonse chili ndi zilembo 46, ndipo zimakuthandizani kuwerenga dzina lanu, mayina a malo ndi zolembedwa pa zakudya. Bungwe la Fukuoka City International Foundation limapereka uphungu kwa alendo ndipo lili ndi mndandanda wa makalasi a Chijapani ophunzitsidwa ndi anthu ongodzipereka, aulere kapena otsika mtengo. Kalata iliyonse ya boma imene simukuimvetsa musaiike pansi. Ijambuleni n'kuimasulira pa foni, kapena pitani nayo kumeneko. Nthawi isungeni mosamalitsa, kufika mphindi 5 isanakwane, ndipo mukaona kuti muchedwa dziwitsani anthu musanachedwe. Anthu a ku Japan sakonda kukana mwachindunji, choncho munthu akati nkhaniyo ndi yovutirapo kapena aiganizira, kawirikawiri wakana kale.

Kusungulumwa kumafika mapepala onse akatha. Tchalitchi, mzikiti, timu ya mpira kapena kalasi ya Chijapani zimathandiza kuposa kudikira kuti mnansi akuitaneni. Bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena, lotchedwa JICA, lakhala likutumiza achinyamata ongodzipereka ku Malawi kuyambira mu 1971, ndiye mwina mukhoza kukumana ndi Mjapani wokupatsani moni m'Chichewa. Dziwitsaninso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tokyo kuti muli m'dzikomo.

Chomaliza: za chaka chachiwiri

Msonkho wa dera umawerengedwa pa ndalama za chaka chatha ndipo umayamba kulipidwa mu Juni, kwa aliyense amene anali ndi adiresi pa 1 Januwale. Chifukwa cha ichi, wogwira ntchito amaona malipiro ake atatsika m'chaka chachiwiri, ndipo wophunzira amene anagwira maganyu ambiri amaona inshuwalansi yake itakwera. Patulani ndalama pasadakhale. Pempho lowonjezera chilolezo chokhalira m'dziko limalandiridwa kutatsala miyezi itatu kuti chithe, ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka imene ili ku Maizuru m'dera la Chuo, ndipo amayang'ana ngati mumalipira misonkho komanso ngati wophunzira amapezeka m'kalasi. Mukalandira khadi latsopano, kalionetseni ku banki kuti akaunti isatsekedwe, ndipo kawonjezereninso nthawi ya khadi la My Number.

Mukafuna kupita kwathu kukacheza, tengani zairyu card ndipo pabwalo la ndege chongani pa fomu malo osonyeza kuti mudzabwerera. Mukatero mumaloledwa kulowanso popanda visa yatsopano, bola mubwere pasanathe chaka chimodzi ndiponso chilolezo chanu chisanathe. Mukasamuka nyumba, lembetsani adiresi yatsopano pasanathe masiku 14, ndipo ngati mukupita mumzinda wina, yambani mwatenga chikalata chotulukira ku ofesi ya dera limene mukuchoka.